Dzira laliwisi kwa kagalu? Mwandikumbutsa Bingo

Mayi wina wandilembera imelo. Ali ndi kagalu ka masabata 7, ndiye apongozi awo akuti azikaswera dzira laliwisi m'mawa uliwonse kuti ubweya uziwala. Akufunsa ngati atero.

Mayi, mwandigunda pachilonda. Ine ndinali ndi Bingo, galu wachikuda wofiirira, khutu limodzi logwa. Malume anandiuza zomwezo, nane ndinkaswera dzira pamkute, iye n'kunyambita mbale mpaka kuikankhira kuseri kwa bafa. Ubweya unawaladi, sindinama. Koma tsiku lina mayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera atanyamula zikhungwa m'chitenje, nkhuku yawo inali itatsala pang'ono kuswa. Bingo ali gone pakhonde, pakamwa pali chikasu. Ndinalipira mazira 11 ndiponso moni anatha mwezi wathunthu.

Anthu anandilangiza zoti ndiwiritse dzira, ndimukanikize nalo m'kamwa likadali lamoto kuti aleke. Ndinakana, ndipo mpaka lero zimandinyansa. Ndi nkhanza basi. N'chimodzimodzi aja amathira tsabola m'chakudya ati galu akhale wolusa, kapena kumutsekera m'kakhola tsiku lonse padzuwa. Galu amene timati wakuba nthawi zambiri ndi wanjala. Timamupatsa madeya ndi madzi okhaokha, kenako tidabwe akalowa m'khola la eni. Bingo ndinkamupatsa dzira limodzi, inde, koma chakudya chenicheni chinali chochepa, wolakwa ndinali ine. Nditayamba kumuphikira madeya osakaniza ndi usipa, kawiri patsiku, zoyendayenda zinachepa.

Nanga dziralo?

Wiritsani. Dzira laliwisi limatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella. Galu wamkulu wathanzi kawirikawiri amapirira, koma kagalu kakang'ono kakayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, madzi amatha msanga m'thupi. Tizilomboto timatulukanso m'chimbudzi chake, pomwe ana anu amasewera nako pabwalo pomwepo, kenako dzanja kukamwa. Chinanso, choyera cha dzira chili ndi puloteni wotchedwa avidin, amene amagwira vitamini wotchedwa biotin kuti thupi lisamugwiritse ntchito, ndipo biotin yemweyo ndi amene amathandiza khungu ndi ubweya. Kunena zoona, chachikasu chija chili ndi biotin wambiri, choncho vutoli limabwera makamaka mukamapatsa choyera chokha kwa nthawi yaitali. Moto umathetsa zonse ziwiri.

Mphindi 10 m'madzi owira, musende, muphwanye theka m'phala lake, osathira mchere kapena anyezi, kawiri kapena katatu pasabata. Ubweya ukakhalabe wonyankhalala, kamimba kali tuu, ganizirani za njoka za m'mimba, mupite nako kwa alangizi a ziweto. Mukafunsenso za katemera wa chiwewe, amabaya kakakwana miyezi 3. Apongoziwo muwauze kuti dzira mukupereka ndithu, simunanama.