Ndere za kugombe ndi ndalama ya chipereganyu

Achemwali ena a ku Cosmo City kuno ku Joni anditumizira imelo sabata yatha. Akuti iwo ndi bambo akunyumba akhala akusunga ndalama ya chipereganyu kuti akapume kunyanja yamchere, koma aona mavidiyo pa TikTok a gombe lodzaza ndere zofiirira, anthu atagwira mphuno. Akufunsa kuti apite kuti, mwezi uti, kuti zimenezi zisawagwere.

Achemwali, mwandikanda poyabwa. Mundipirire, yankho lifika, koma lidzera kutali.

Mavidiyo mwaonawo ambiri ndi a ku Cancún, Tulum ndi Punta Cana, ku Caribbean, kutsidya kwa Atlantic. Ndere za kumeneko ndi sargassum. Sizimera pansi, zimangoyandama, ndipo kuyambira 2011 zakhala zikuchulukana mochititsa mantha, mzere wake kuchokera kugombe la kumadzulo kwa Africa mpaka ku Gulf of Mexico. Mu 2018 akatswiri a ku University of South Florida, amene amazilondola ndi masetilaiti, anapeza kuti zinaposa matani 20 miliyoni. Zikakocheza pamchenga n'kuyamba kuwola zimatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, fungo la mazira ovunda lija. Nyengo yake ndi kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, ndipo pachimake ndi Juni ndi Julayi. Koma tinene zoona, ndi angati a ife kuno ku Joni amene akukwera ndege zingapo ndi kufunafuna viza kuti akasambe ku Mexico? Ife ulendo wathu ndi wa Zanzibar kapena Mozambique, wa Mauritius thumba likalola. Kumeneko nkhani ndi ina.

Ine ndinapita ku Zanzibar ndi azimayi anzanga a chipereganyu chathu cha ku Mayfair. Amene anatikonzera ulendo, munthu wa kuofesi ina yogulitsa maulendo m'tauni muno, anationetsa zithunzi za mchenga woyera mbee, madzi obiriwira akufika pakhonde penipeni. Tinagona ku Jambiani, kum'mawa kwa chilumbacho. Kutacha, mnzathu wina, amene tonse timamutchula kuti Anambewe, anavala diresi yoyera imene anagula ku Oriental Plaza kuti ajambulitse, nsalu yamutu yofanana nayo, milomo atapaka. Kutsika kugombe, nyanja palibe. Madzi anali atathawa kutali moti mafunde timangowamvera phokoso. Pamchenga panali mzere wa ndere zakuda, zonyowa, tintchentche tikuuluka pamwamba pake. Patsogolo, pamene timayembekeza kusambirapo, panali zikhomo zambirimbiri zokhomeredwa m'matope, zingwe zitamangidwa m'mizeremizere ngati dimba la tomato. Amayi atavala zitenje anali atakhala m'madzi ofika m'mawondo, akumangirira tinthambi pazingwezo.

Anambewe anakwiya zedi. "Ndakolopa nyumba za anthu ku Sandton chaka chathunthu kuti ndidzaone zinyalala izi?" Anabwerera kuchipinda, diresi ikukwekwereza mchenga, n'kuyamba kutumiza mavoisi kwa wa maulendo uja. Iye anangoyankha kuti zanyengo sizili m'manja mwake. Apa ndiye pamene ine pamandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa zimenezi zinali m'manja mwake ndithu. Kum'mawa kwa Zanzibar madzi amaphwa kawiri patsiku, chaka chonse, ndipo amathawa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Aliyense wogulitsa ulendo wa kumeneko amadziwa. Chithunzi anatipatsa chija anajambula madzi atadzaza, basi. Kubisa zotere kwa munthu amene akukupatsa thukuta lake ndi kuba, ngakhale lisiti litakhalapo.

Komabe mawu oti zinyalala aja sindinagwirizane nawo. Masana ndinatsikira kwa amayiwo, tikulankhulana ndi manja ndi Chiswahili changa cha pa Songwe. Uja ndi munda. Ulimi wa ndere unayamba ku Paje ndi Jambiani mu 1989, ndipo ambiri olima ndi azimayi. Amakolola, kusenza matumba odontha madzi pamutu, kukayanika pabwalo mpaka ziume, kenako kugulitsa kwa ogula amene amazitumiza kunja. Kumeneko amapangira carrageenan, imene imalimbitsa ayisikilimu ndi mankhwala otsukira mano. Mayi amene ndinakhala naye pafupi zala zake zinali zotumbuluka, zong'ambika ndi mchere, ndipo sanasiye kumanga ngakhale pamene timaseka. Ife amene timachoka ku Mangochi ndi ku Mzimba kudzagwira ntchito zimene eni dziko amazinyoza, sitiyenera kukhala oyamba kuyang'ana ntchito ya mayi mnzathu n'kunena kuti ikutiwonongera chithunzi. Anambewe ndinawauza zimenezi usiku womwewo. Sanandiyankhule mpaka pa bwalo la ndege la OR Tambo.

Ndipo ndinenenso ichi, wina akwiye akwiye. Vuto lathu lalikulu si ndere, ndi sitetasi ya pa WhatsApp. Tikufuna akumudzi aone kuti ku Joni zikuyenda. Munthu amafika pagombe, osaviika n'komwe phazi m'madzi, maola onse akuthera pofunafuna ngodya yopanda kanthu kumbuyo. Pomwe ife tinakulira kunyanja imene ilibe mavuto onsewa. Ku Cape Maclear, ku Senga Bay, ku Chintheche, madzi sathawa m'mawa n'kubwera masana, mulibe mchere woyabwa m'maso, ndipo chambo chikuchoka m'bwato kupita pamoto inu mukuona. Zovuta zake n'zodziwika: mwera wa Juni ndi Julayi umautsa mafunde, ndipo likodzo lilipo m'malo a bango ndi madzi odekha, choncho kukayezetsa pobwerera n'kwanzeru. Koma mukanena kuti tchuthi ndikathera ku Nkhata Bay, anzanu amati ndiye kuti wangopita kumudzi. Zimandiwawa.

Paja tatchula OR Tambo. Musanalipire tikiti iliyonse, tsegulani pasipoti zonse ziwiri. Ngati masiku amene anakulolani kukhala kuno anadutsa, potuluka amakudindani kuti ndinu osafunika m'dziko muno, ndipo mukhoza kuletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Ndadziwapo anthu amene anapita kokasangalala n'kulephera kubwerera kuntchito. Ku Tanzania a Malawi sitifunika viza, koma geti yotulukira kuno ndi imene imavuta.

Nanga mupite liti, kuti?

Ndere za ku Indian Ocean zimatsata mphepo. Mbali imene mphepo ikuwomba ndi imene imalandira. Mwera wathu womwe uja, umene ku Zanzibar amati kusi, umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa miyezi yozizira. Ndi umene umaunjika ndere ku Watamu ku Kenya, ndi ku Grand Anse pachilumba cha Praslin ku Seychelles, kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala kapena Okutobala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mphepo imatembenuka, imachokera kumpoto, ndere n'kusamukira mbali ina. Ndiye musamangofunsa mwezi, muzifunsa kuti hoteloyo yayang'ana kuti.

Ku Zanzibar sankhani Nungwi kapena Kendwa, kumpoto. Madzi saphwa kwambiri, mumasamba nthawi iliyonse, kungoti n'kodula komanso kwaphokoso. Pewani Epulo ndi Meyi chifukwa cha mvula yambiri. Ngati mukuganiza za Tofo kapena Vilankulo ku Mozambique, Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya namondwe, ndipo Freddy anayamba wagunda cha ku Vilankulo mu Febuluwale 2023 asanadzatilize ku Blantyre. Ngati mtima uli ku Caribbean basi, pitani pakati pa Disembala ndi Febuluwale, mugone kumbali yakumadzulo kwa chilumba, monga ku Cozumel kapena Barbados.

Musanatumize dipoziti, lembelani hoteloyo pa WhatsApp kuti akujambulireni gombe lero lomwe, madzi ataphwa, ndipo muwafunse ngati amasesa m'mawa. Akayamba kuzengereza, sakani ina. Bambo akunyumba muwagulire nsapato za m'madzi, kuli tinthu taminga tobisala m'miyala.