Mlongo wanu sakuchita matama asisi, watopa ndipo akuopa

Imelo ya sabata ino yachokera kwa asisi ena a ku Chilenje. Akuti mlongo wawo wa zaka 21 anamupeza ndi shuga ya type 1 ali mu giredi 8, amadzibaya inshulini m'mawa ndi madzulo. Ali wamng'ono ankamvera, manje wayamba koleji wasintha, kupima sapima, jekeseni zina amalumpha, akamufunsa amakwiya n'kukadzitsekera kuchipinda. Kuchipatala HbA1c, kupima magazi koonetsa mmene shuga yakhalira miyezi yapitayi, yatuluka 11. Ndiye akufunsa kuti nanga achinyamata ena a matenda omwewa amaoneka osangalala bwanji, chimasiyanitsa n'chani, ndi ndalama kapena ndi mtima wa munthu?

Asisi, ndalama ilimo, pamenepo sindikunamizani. Koma zomwe mwalembazi ine ndikuona mnyamata amene matenda ake sakugwirizananso ndi tsiku lake, ndipo aliyense pakhomo akumufunsa nambala, palibe akumufunsa kuti tsikulo likumayenda bwanji.

Tiyambe ndi inshulini yomwe akubayayo. Mwati kawiri pa tsiku, ndiye mwina ndi ija yosakaniza kale ya 30/70, yomwe gawo laling'ono limagwira msanga ndipo lalikulu limagwira pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Inshulini imeneyi ndi yabwino kwa munthu amene amadya nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa ukabaya m'mawa ndiye kuti walonjeza kale kuti masana udya, ufune usafune. Ali kunyumba zinali zophweka, amayi ankaika nsima patebulo 13 hours, basi. Manje kalasi ikutha 14, ndalama ya lanchi yapita ku transipoti, madzulo wakhala mu minibasi pa Great East Road ola lathunthu mzere wamagalimoto osasuntha, koma mankhwala omwe ali m'thupi sadziwa zimenezo, akungotsitsa shuga. Munthu zikamuchitikira kawiri katatu amadziphunzitsa yekha kuti ndikapanda kubaya sindigwa. Ndipo n'zoona sagwa lero. Shuga yokwera imapweteka mwakachetechete patapita zaka, pomwe yotsika imakuchititsa manyazi pompo pamaso pa anthu, ndiye wa zaka 21 asankha chiti?

Ichi n'chimene achibale ambiri sitimvetsa. Shuga ikatsika pansi pa 3.9 pa kamakina kopimira munthu amanjenjemera, thukuta kamukamu, mtima kuthamanga, ikatsikirabe amalankhula zosamveka, kudzandira, ena mpaka ndewu. Pa Kulima Tower ndani angaganize kuti ndi shuga? Angoti kamnyamata kaledzera masana, ena ayamba kujambula ndi foni. Mantha amenewa ndi amodzi mwa zinthu zomwe zimadya chimwemwe cha achinyamata a type 1 kwambiri, ndipo ambiri amasiya dala shuga ili pamwamba kuti akhale ndi mtendere. HbA1c ija imaonetsa mmene shuga yakhalira miyezi 2 kapena 3 yapitayo, 11 ndiye kuti pa avareji yakhala cha m'ma 15, pomwe madokotala amafuna HbA1c ya pafupi ndi 7 kwa akuluakulu ambiri. Nambala imeneyo muiwerenge ngati uthenga woti pali chomwe akuthawa.

Ndiye pa ulendo wotsatira wa kukiliniki afunse ngati n'kotheka kumusinthira ku njira ija ya inshulini ya nthawi yaitali padera ndi ya chakudya padera, monga Actrapid asanadye. Jekeseni zimachuluka, zimafika 4 pa tsiku, kumva kwake ngati chilango, koma ambiri amapeza ufulu chifukwa chakudya chikachedwa jekeseni ya chakudya nayo imadikira. Zosintha mlingo ndi za dokotala, musayesere panyumba chonde, koma dokotalayo sangasinthe kanthu ngati mnyamata akungoti zonse zili bwino. Amuuze zoona, kuti Lachiwiri ndi Lachinayi sindidya masana.

China chachikulu ndi kubisa. Ndikukayika ngati anzake a kukoleji akudziwa. Amene akubisa amabayira kutoileti, kapena osabaya n'komwe akakhala pagulu, sanyamula masiwiti kuopa mafunso, chibwenzi chikayamba kukula amachithetsa yekha. Ndipo simungamudzudzule kwambiri, kuno anthu akaona jekeseni m'chikwama amayamba nkhani za mankhwala osokoneza bongo, ena amati shuga ndi ya madala onenepa iwe waitenga kuti, azakhali ena abwera ndi mizu, ena ati tikupempherere usiye jekeseni. Pempherani ndithu, koma inshulini asasiye, chifukwa type 1 ndi yoti chitetezo cha m'thupi chinawononga maselo a mu kapamba omwe amapanga inshulini, sanaitenge podya masiwiti, ndipo palibe muzu wobwezera maselo aja. Inshulini isanapezeke ku Toronto mu 1921 ana a matendawa sankakhala nthawi yaitali.

Sakufunika kulengeza pa Facebook. Anthu awiri chabe, yemwe amagona naye chipinda chimodzi ndi mnzake wa m'kalasi, adziwe kuti akayamba kusokonezeka amupatse shuga masupuni ang'onoang'ono 3 kapena 4 m'madzi, kapena hafu kapu ya Fanta kapena Coca-Cola ya shuga osati Zero, adikire mphindi 15, ngati sizinasinthe abwereze, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka asamuthire kanthu m'kamwa angatsamwe, amugoneke chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Munthu akadziwa kuti pali womudzutsa amayamba kubaya mlingo wake wonse osaopa.

Za mowa ndinene ngakhale simunafunse, chifukwa zaka 21 ku koleji tisanamizane. Mowa umatangwanitsa chiwindi, chimasiya kutulutsa shuga m'magazi, ndiye munthu atha kumwa Mosi madzulo ali bwinobwino shuga n'kudzagwa pakati pa usiku ali mtulo, anzake n'kumati musiyeni agone waledzera. Kumuletsa ndi ukali sikuthandiza kwenikweni, adzangomwa mobisa. Bola adziwe kuti samwa ndi njala, amapima asanagone, amadya kanthu.

Manje ndalama. Inshulini yokha sikwanira, chomwe chimatha msanga ndi ma strip opimira, ndipo wopanda ma strip amangobaya mongoganizira, mantha aja n'kuwonjezeka. Ngati pabanja mukusonkha kanthu, yambani ndi ma strip musanagule uchi ndi tiyi wa zitsamba yemwe amatsatsa pa WhatsApp. Fufuzaninso ngati ali pa NHIMA, inshuwaransi ya zaumoyo ya boma, komanso kuti pa khadi imeneyo chipatala chake chimapereka chani. Ndiye pali kusunga. Botolo losatsegula limafuna firiji, madigiri 2 mpaka 8, osati mufiriza, ikaundana yawonongeka. Lotsegula limakhala pafupifupi milungu 4 panja bola pasatenthe kwambiri, koma kutentha kwa October kuno mukukudziwa, ndipo mu 2024 madzi atachepa ku Kariba malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, mafiriji anangokhala makabati. Mtsuko wadothi wa madzi podutsa mphepo umathandiza, botolo mulimange bwino mu pulasitiki madzi asalowe. Inshulini yopsa ndi dzuwa imafooka, munthu amabaya mokhulupirika shuga osatsika, kenako amagwa ulesi n'kumati nanga ndivutikiranji.

Kudya ndidutsapo msanga chifukwa kumeneko n'komwe mabanja mumalimbikira kale mopitirira. Nsima adye, yochepa ndi yofanana tsiku ndi tsiku, ya roller ikhala bwino kuposa ya breakfast, ndiwo zambiri, nyemba, kapenta, chibwabwa, repu. Kumuphikira poto wake yekha ngati wodwala ndi njira yachidule yomuchotsera chilakolako chokhala nanu patebulo.

Pomwe ndikufuna mukhalepo pang'ono ndi pa kutopa. Matendawa alibe holide. Chilichonse cholowa m'kamwa n'chowerengera, mpira n'kuwerengera, mayeso akayandikira shuga imakwera yokha ndi nkhawa, ndipo utha kuchita zonse molondola nambala n'kutuluka yoipa. Zaka 7 akuchita zimenezi. Kale ntchito yambiri inali m'manja mwa amayi, manje yagwera iye yekha pa nthawi yomwe akuchokanso ku kiliniki ya ana komwe manesi ankamudziwa dzina, kupita ku ya akuluakulu komwe pamzere pali agogo a type 2 okhaokha. Zaka zimenezi n'zomwe achinyamata ambiri amasowa kukiliniki, si kuno kokha, ngakhale maiko olemera amadandaula zomwezi. Ndiye akafika panyumba moni woyamba ndi "wapima?", wachiwiri "wadya chani?" Asisi, ndikudziwa ndi chikondi, koma kwa iye zikumveka ngati polisi. Yesani sabata imodzi osafunsa nambala. Mufunseni chomwe chikumuvuta kwambiri pa matendawa masiku ano, ndipo akayankha musamukonze, ingomverani. Kukiliniki muperekezeni koma kwa dokotala alowe yekha, pali zina monga za chibwenzi ndi mphamvu zachimuna zomwe sanganene mlongo wake ali pompo.

Koma ngati kudzitsekera kuja kwapitirira milungu 2, sagona, wasiya zomwe ankakonda, kapena akulankhula zoti bola kufa, kumeneko ndi kuvutika maganizo komwe kumafuna thandizo, ndipo kumagwira anthu a shuga kawirikawiri kuposa ena. Munene kuchipatala mosabisa kuti amuonetse kwa aphungu. Ndipo tsiku lomwe adzayamba kusanza, m'mimba kupweteka, ludzu losatha, kupuma mozama mofulumira, musadikire kuti kuche, imeneyo itha kukhala DKA yomwe imabwera inshulini ikasowa m'thupi ndipo imapha. Thamangani ku chipatala cha Chilenje, UTH kapena Levy Mwanawasa. Akadwala malungo kapena chimfine osadya, inshulini sasiyiratu, afunse achipatala mlingo wake.

Aja mukuti amaoneka osangalala, ambiri mwa iwo amadziwana ndi wina wa matenda omwewo. Kukumana ndi mnzako wa msinkhu wako yemwe akutulutsa jekeseni patebulo osachita manyazi kumachita zomwe ife achibale sitingathe. Diabetes Association of Zambia ilipo, funsani ngati ali ndi gulu la achinyamata, ndipo pa 14 November pamakhala tsiku la shuga padziko lonse. Ngati amakonda mpira mukumbutseni Nacho, anamupeza ndi type 1 ali ndi zaka 12 ndipo mu 2024 ananyamula Champions League ali kaputeni wa Real Madrid. Ngati nkhawa yake ndi ya banja, adziwe kuti atha kukwatira n'kubereka, ndipo bambo akakhala ndi type 1 mpata woti mwana adzakhale nayo ndi pafupifupi 1 pa 17, kutanthauza kuti ana ambiri sakhala nayo.

Popeza wapitirira zaka 5 ndi matendawa, apemphe kuti amupime maso, impso ndi mapazi chaka chilichonse ngakhale sakumva kupweteka paliponse. Nesi ayang'anenso pomwe amabaya, ngati pali totupa tolimba pamimba kapena pantchafu asinthe malo, chifukwa inshulini yobayidwa pa chotupa simalowa bwino ndipo mwina mbali ina ya 11 uja yachokera pamenepo.