Mtukula Pakhomo ndi atsikana athu: yankho kwa achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti ngati Mtukula Pakhomo amalemba kwambiri amayi, bwanji atsikana kuno ku Zomba akusiyabe sukulu n'kukwatiwa ali ana. Mundipirire, nditalikitsa pang'ono.

Funso lanuli linayesedwapo kale m'boma lathu lomwe lino. Mu 2008 ndi 2009, ofufuza mothandizidwa ndi World Bank ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Ina inkapita kwa makolo, ina m'manja mwa mtsikana mwini wake. Gulu lina linkalandira pokhapokha ngati mwana akupita kusukulu, lina linkalandira popanda lamulo lililonse. A gulu loyamba anakhalitsa kusukulu, inde. Koma mimba ndi maukwati zinachepa kwambiri kwa omwe ankalandira popanda lamulo. Taganizani: mtsikana akalephera sukulu ndiye mwamudulira ndalama, watsala ndi ndani womugulira sopo ndi mafuta odzola? Ndi bambo uja wa njinga yamoto. Ndipo ndalama zija zitatha, patangopita zaka zochepa zabwino zambiri zinazilala.

Ndiye apa mpomwe ndale zimalowera. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo kwa zaka zambiri boma la Malawi lakhala likulipira ndi ndalama zake m'boma limodzi lokha, la Thyolo. Kwina konseku ndi abwenzi akunja: World Bank, European Union, Germany, Ireland. Yerekezani ndi feteleza wotsika mtengo, kuyambira makuponi a Bingu mu 2005 mpaka pulogalamu ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP ya mu 2020. Kumeneko ndalama za boma sizisowa, chifukwa thumba la feteleza limaoneka pa msonkhano ndipo anthu amaombera m'manja. Gogo wolera ana amasiye anayi ku Jali sachita zionetsero, satseka msewu. Wandale amuopa chiyani?

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya Mtukula Pakhomo inayamba kugula zochepa kuposa zomwe inkagula kale. Nanga ka bonasi komwe amaonjezera pa mwana wa sukulu kangakwanire yunifolomu, makope ndi zovala za kumwezi?

China chomwe sitikonda kuchikamba: dzina pa khadi si mphamvu pa ndalama. Azakhali anga amakhala chakunyanja ya Chilwa. Tsiku lolandira likafika, amuna awo, omwe chaka chonse amakhala kumadzi, amatulukira m'mamawa atasamba bwino, ati akawaperekeze. Pobwerera theka lapita. Kuno ndi kwa chikamwini, munda ndi wa azakhali, khadi ndi lawo, komabe kukana n'kovuta chifukwa mawa ndi ndewu. Azakhaliwa zinayamba kuwayendera atalowa banki m'khonde, chifukwa ndalama ikangofika amakaponya masheya tsiku lomwelo, amunawo asanaiwerenge.

Za kalembera ndingonena pang'ono. Kwa zaka zambiri akhala akusankha mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda wogwira ntchito. Mtsikana wa zaka 16 wobereka ali pakhomo pa makolo nthawi zambiri saonekera pa ndandanda, chifukwa amawerenga khomo osati iyeyo. Ndipo pamsonkhano wa mudzi amayankhula ndani? Inu mukudziwa.

Malamulo tili nawo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ukwati wa ana n'kukhala woletsedwa. Koma mfumu ikathetsa ukwati mwana n'kubwerera pakhomo popanda ufa, miyezi itatu sikwana, wabwereranso kwa mwamuna.

Ine aphungu ndi makhansala akabwera, sindifunsanso za zitenje. Ndimawafunsa kuti mu bajeti ya chaka chino boma laikamo zingati zake za Mtukula Pakhomo, ndipo mu komiti yolemba mayina m'dera lathu muli amayi angati. Wina anandiyankha kuti akafufuza kaye. Papita chaka tsopano.