Anthu akuseka mu myuziyamu ya chikomyunizimu, ndiye kuti zinali bwino?

Mchemwali wina wa ku Leeds wanditumizira imelo, akuti anapita ku Berlin ndi ana nkulowa mu DDR Museum, myuziyamu yoonetsa moyo wa ku East Germany nthawi ya chikomyunizimu, ndiye anadabwa kuona anthu akuseka, ena akudzijambula mgalimoto yakale, ana ali pikitipikiti kutsegula madilowa. Funso lawo nlakuti kodi chikomyunizimu chomwe timamva kuti chinali chankhanza chija nchimenechi, kapena anangotinamiza?

Achemwali, sanakunamizeni ayi, kungoti munalowa khomo limodzi basi. DDR Museum ija si ya boma, ndi bizinesi, anaitsegula mu 2006 m'mbali mwa mtsinje wa Spree ndipo imayendera matikiti, ndiye mukudziwa kale kuti wodalira tikiti safuna kasitomala atuluke misozi ili chuchuchu. Koma zomwe amaonetsa ndi zoona ndithu. Kagalimoto kaja ndi Trabant, anthu a ku East Germany ankalembetsa nkudikira zaka zoposa 10 kuti akapeze, fulati ija ndi mmene ambiri ankakhaliradi, lendi yotsika, ana ali ndi kowasiya masana, ntchito ilipo, koma nthochi mushopu kuzipeza ndi mwayi. Agogo akumeneko akaona makapu ndi mawailesi aja amakumbuka unyamata wawo ndi ukwati wawo, osati chipani, ndipo ine sindingawadzudzule pamenepo.

Mukanakwera sitima yapansi kupita ku Lichtenberg bwenzi imelo yanu ili ina. Kumeneko kuli likulu lakale la Stasi, apolisi achinsinsi a East Germany aja, ofesi ya bwana wawo Erich Mielke ikadali chimodzimodzi, mafoni, mipando zonse. Anthu wamba anakhamukira mmenemo pa 15 Januwale 1990 poopa kuti mafayilo athera kung'ambidwa. Pofika 1989 Stasi inali ndi antchito pafupifupi 91,000, kuonjezera akazitape amseri oposa 170,000, mdziko la anthu 16 miliyoni okha, ndipo akazitapewo anali aneba, anzako akuntchito, ena atawerenga fayilo yawo anapeza kuti wowaneneza anali mwamuna wawo yemwe wa mnyumba. Ankasunga mpaka fungo la munthu, kansalu kokhudza thupi lako nkukatsekera mbotolo kuti agalu adzakudziwe.

Ndiye musaganize kuti myuziyamu yoliritsa ndiye yonena zonse, apa mpomwe ine ndimafunsa kaye kuti anamanga ndani, ndalama anapereka ndani. Ku Budapest, likulu la Hungary, kuli myuziyamu ya House of Terror, pa Andrássy út 60, inatsegulidwa mu 2002 Viktor Orbán ali nduna yaikulu. Nyumbayo inali ya chipani cha Arrow Cross chogwirizana ndi Hitler, kenako apolisi achinsinsi a chikomyunizimu nkuilowa. Nkhanza zomwe amaonetsa zinachitikadi, koma akatswiri a mbiri ambiri amadandaula kuti zipinda zambiri ndi za makomyunisiti, pamene za Ayuda oposa 400,000 omwe anakwezedwa sitima kupita kumisasa yophera anthu mu 1944, apolisi a Hungary omwe akuthandizira, angozikhudza pang'ono. Zimangooneka ngati zoipa zonse zinabwera ndi alendo. Ku Russia nde zafika pena, khoti linalamula bungwe la Memorial, lofufuza nkhanza za nthawi ya Soviet Union, litsekedwe mu Disembala 2021, myuziyamu ya Gulag, ndende zachibalo za nthawi imeneyo, ku Moscow nayo anaitseka mu Novembala 2024, ati pa nkhani ya chitetezo cha moto. Kaya.

Palinso abale athu a ku Mozambique omwe nkhani yawo simveka kwenikweni. Kuchokera pa pangano la 1979, achinyamata pafupifupi 20,000 anapita kukagwira ntchito mmafakitale a East Germany, gawo la malipiro ankawadula ati akalandira akabwerera kwawo, dziko lija litatha mu 1990 ambiri anabwezedwa ndipo ndalamazo sanazione zonse, mpaka pano amaguba ku Maputo Lachitatu. Mukadzapitanso ku Berlin muwafunse oyang'anira ngati anthu amenewa ali penapake pakhoma.

Ndipo ulendo umenewo mudzafike kundende yakale ya Stasi ya Hohenschönhausen, ena mwa okuyendetsani ndi anthu omwe anatsekeredwa momwemo, amakulozerani selo yake yeniyeni. Koma ana ang'onoang'ono aja mudzawasiye ndi bambo awo.