Funsani Azakhali: Ana ndipite nawo kokaona komwe amatcheza whiskey?

FUNSO: Azakhali, ine ndimakhala ku Dublin ndi banja langa, ana tili nawo awiri wina wa zaka 5 wina 11. Alamu anga abwera kuchokera ku Blantyre ndiye akakamira zoti asanabwerere akaone komwe amapangira whiskey wa Jameson, akuti akufuna zithunzi zokawaonetsa anzawo. Vuto anawa tilibe owasiyira, kuno munthu wokusungira ana ndi ndalama. Kodi malo amenewa amalola ana? Nanga sikuwaphunzitsa uchidakwa kumeneku? Bambo akunyumba akuti ndikungodandaula zaziii. Mayi wa awiri, Dublin.

YANKHO: Mayi, mtima m'malo, ana amaloledwa bola akhale ndi munthu wamkulu, ndipo pa nthawi yolawa iwo amawapatsa zoziziritsa kukhosi chifukwa ku Ireland m'malo ngati amenewa mowa sapatsa munthu osakwana zaka 18. Koma kuloledwa ndi kwina kusangalala ndi kwinanso, apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane.

Alamu anuwo ndikudziwa akuganiza za Jameson ya ku Bow Street, ku Smithfield, yomwe mumangokwera Luas yofiira, sitima ya mu tauni, nkutsikira pafupi. Malowo ndi akale zedi, a 1780, koma auzeniretu kuti mowa anasiya kutchezera pamenepo kuyambira m'ma 1970, zonse zinasamukira ku Midleton ku Cork. Lero ndi malo a alendo basi, munthu amakufotokozerani mbiri, mumanunkhiza, mumalawa, pasanathe ola mwatuluka. Wa zaka 11 atha kupirira koma wa zaka 5 uja mphindi 10 zokha ayamba kukukokani siketi kuti amayi tizipita.

Ineyo ndikanakhala inu ndikanasankha komwe mwana aone chinthu ndi maso. Mu Dublin momwemo muli Teeling, ku Newmarket mu Liberties, inatsegulidwa 2015 ndipo imatchezadi, mumamva kutentha ndi fungo la phala lowira lija, mumaona miphika itatu ikuluikulu ya kopa yomwe anaipatsa mayina a ana aakazi a Jack Teeling, mmodzi mwa omwe anaiyambitsa, Alison, Natalie ndi Rebecca, ana zoterezi zimawasangalatsa. Ngati muli ndi tsiku lonse ndiye Midleton yomweyo, kuli bwalo, nyumba zakale za m'ma 1825, chigudumu choyendetsedwa ndi madzi, ndi chimphika chotchezera chomwe chimadziwika kuti ndi chachikulu pa dziko lonse, malita pafupifupi 140,000. Kuchokera mu tauni ya Cork ndi pa sitima osakwana theka la ola, komanso malo osungira nyama a Fota Wildlife Park ali dera lomwelo, mmawa alamu aone migolo yawo masana ana akaone akadyansonga, aliyense wapeza lake.

Za uchidakwazo ine sindikuopa kwenikweni. Ife tinakula tikuona azimayi akutcheza kachasu kuseri kwa nyumba, ndipo mukakalowa muja mukaseka nokha chifukwa nzeru yake ndi yomweyo, amayamba ndi chimera kungoti chawo ndi cha barley, phala liwire, alitenthe, nthunzi idutse mu paipi izizire nkusanduka madontho. Kusiyana kwake iwo ambiri amatcheza katatu kenako lamulo limati ukhale mu migolo ya matabwa zaka zosachepera 3 usanatchedwe Irish whiskey, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 2 pa 100 umauluka wokha mu mgolomo, eni ake amati ndi gawo la angelo. Kwa wamkuluyo imeneyi ndi sayansi ya kusukulu. Chomwe mwana amatengera ndi momwe akuluakulu akuchitira ndi tambula ili m'manja, ndiye alamu muwanong'oneze alawe mwaulemu, asapemphenso ya ena amene sakumwa.

Pogula matikiti pa intaneti sankhani tour wamba ya mmawa, zina zija za kulawa mitundu yambiri kapena kuphunzira kusakaniza ma cocktail ndi za akuluakulu okhaokha, ndipo werengani lamulo la zaka pa tsamba lawo musanalipire poti malo ndi malo amasiyana. Wina akakuuzani za malo ena otchezera whiskey a Bushmills musathamangire, kumeneko wosakwana zaka 8 samulola pa tour, komanso ndi ku Northern Ireland, mbali ya UK, ndiye pasipoti ya Malawi ya alamuwo imafuna visa ina ngakhale pa msewu palibe chipata.

Mukapita pa galimoto gwirizanani kunyumba komweko kuti ayendetsa ndani pobwerera, whiskey mphamvu yake ndi 40% ndipo a Garda, apolisi a ku Ireland, saseka nazo. Poti bambo akunyumba ndi amene akuti mukudandaula zaziii, makiyi apatseni iwowo amwe juwisi limodzi ndi ana.