Fani isiyeni, yambani ndi giza ndi firiji

Mayi, mwati chiyambireni Okutobala mayunitsi a magetsi amene ankakufikitsani kumapeto kwa mwezi akumatha pa masabata awiri, moti mwaletsa ana kugona ndi fani. Ayi ndithu, anawo ayatsireni. Kutentha kwa ku Mangochi si kosewera nako, ndipo fani sindiyo ikukudyerani ndalama.

Tiwerengere limodzi. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Fani yoimika pansi imadya mawati pafupifupi 60, choncho ngakhale izungulire maola 10, siimaliza ndi yuniti imodzi yomwe. Koma giza ya mawati 3,000 ikayaka ola limodzi lokha, mayunitsi atatu apita, ofanana ndi fani ija itazungulira maola 50. Nanga kunja kukutentha chonchi, madzi apampopi akubwera ofunda kale, giza ikuyakiranji? Pitani pa bolodi la maswichi mukaithimitse mpaka Meyi, kuzizira kukayamba. Ngati pali khanda kapena agogo ofuna madzi otentha, ketulo imodzi yothira m'ndowa ikwanira.

Chinthu chimene chimasinthadi khalidwe nyengo ino ndi firiji. M'mwezi wa Juni injini yake imalira pang'ono n'kupuma. Pano m'khitchini muli ngati mu uvuni, makamaka nyumba ya malata yopanda siling'i, ndiye imangolira osaleka, kwinaku ana akuitsegula mphindi iliyonse kufuna madzi ozizira. Ndipo ngati mumapanga mafilizesi kapena thobwa wozizira wogulitsa, monga ambirife timachitira nyengo ino, dziwani kuti chilichonse mwaikamo chofunda mumachilipira pa mita. Thobwa azizire kaye panja. Magetsiwo muziwawerengera pa mtengo wogulitsira, apo ayi mukugulitsa mongothandiza anthu.

Ine chaka chatha ndinkaloza chala aliyense m'nyumba, osadziwa kuti labala wa pachitseko cha firiji anali atatha. Yesani chonchi: panikizani pepala pachitseko, mutseke, kenako mulikoke. Likasololoka mosavuta, mpweya wozizira ukuthawa ndipo labala ameneyo ngofunika kusintha. Isunthireniso firijiyo kutali ndi khoma pang'ono, kutali ndi kuka yophikira komanso ndi windo lolowa dzuwa, pukutani fumbi la kumbuyo, ndipo madzi oundana akachindikala m'kati, ithimitseni asungunuke. Anawo muwathirire madzi m'botolo lalikulu kapena mu mtsuko m'mawa. Mtsuko wadothi umaziziritsa bwino, amayi athu sankadikira magetsi.

Simunanene ngati muli ndi AC, makina oziziritsa mpweya m'nyumba. Ngati ilipo, yaing'ono ya chipinda chimodzi imatha kudya yuniti imodzi pa ola. Iikeni pa madigiri 25 kapena 26, osati 16, muiyatse kwa ola limodzi musanagone mawindo ali otseka, kenako fani ipitirize. Masana tsekani makatani mbali imene kukuwomba dzuwa.

Zina ndi zodziwika kale: mababu a LED, kusita zovala zonse tsiku limodzi, ndi kuviika nyemba usiku m'malo moziwiritsa theka la tsiku pa hotipuleti.

Koma musangokhulupirira ine, mita yanu ikuuzani zoona. Usiku uno lembani mayunitsi otsala musanagone, mulembenso mukadzuka, zonse zili monga mwa masiku onse. Mawa chitaninso chimodzimodzi giza ili yothimitsa. Kusiyanako ndiye mtengo wa giza yanu pa usiku umodzi. Kenako masana thimitsani chilichonse, firiji yomwe, kwa ola limodzi. Mayunitsi akapitirizabe kutsika, itanani katswiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso adzaone mawaya, makamaka ngati mita mumagawana ndi a nyumba yakuseri.