Mavesi anu asungeni kaye, mwana akudwala

Achemwali, ndawerenga zimene mwalembazi manja akunjenjemera, ndipo mayankho ena ali m'munsimu andipsetsa mtima. Mwana wa munthu wagonekedwa m'chipatala, mayi ake akufuna abatizidwe, bambo ake akukana poti kumpingo kwawo sabatiza makanda, inu oyankhanu mukungoponyerana mavesi ngati pali mpikisano wa Sande Sukulu. Wina mpaka walemba kuti ubatizo wa ana ndi wa satana. Mwaganizapo mmene mawu amenewo akumulasira mayi amene sanaone tulo?

Ine zinandigwera konkuno ku Nkhotakota, dzinja lili mkati. Ndinakulira mumpingo wobatiza ana, ndinakwatiwa kumpingo umene ana amangowadalitsa, ubatizo mpaka munthu akule akamizidwe kunyanja. Pachinkhoswe anakambirana za munda ndi za kokhala, koma za ana palibe anatsegula pakamwa. Mwana wathu woyamba atabadwa ndinapempha, amuna anga anati tidikire, apongozi anati asazimve n'komwe.

Malungo anamugwira asanayambe kukwawa. Tinanyamuka kumudzi, kufupi ndi Chia, pa kabaza wa njinga yamoto usiku, matope okhaokha mpaka kukatulukira pa M5. Kuchipatala anamwino anayesetsa, sindingawanamizire. Anati magazi achepa, dilipi anamubaya pamutu poti padzanja mtsempha sunkapezeka. Pakati pa usiku thupi linayamba kuuma, maso kutembenuka, kupuma kukudukiza. Ndinadziwa kuti akupita. Amayi anga anandiphunzitsa ndili mtsikana kuti imfa ikayandikira, wansembe kulibe, Mkhristu aliyense atha kubatiza ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Ndinatenga kapu ya pulasitiki imene tinkamwera, ndinathiramo madzi a m'botolo, n'kugwada pambali pa bedi. Apongozi anandigwira pamkono, kundilanda kapu ija, madzi onse khuthu pa simenti, azimayi a m'wodi monse akuona. Akuti mdzukulu wawo sathiridwa madzi a mafano. Kenako anaimbira abusa awo n'kuika foni pa sipika kuti ndidzimvere ndekha. Munthu ali m'bulangete kunyumba kwake, sanamuonepo mwanayo, n'kumandiuza kuti ndilape. Ndilape chiyani, mwana wanga akutsirizika? Amuna anga anangoima pakhomo la wodi, manja m'thumba, pakamwa tsekee. Kusanache mwana anatisiya.

Akwathu nawonso sanandisiye. M'siwa momwemo mayi wina wa kumpingo kwathu, atavala yunifolomu yake bwinobwino, anandinong'oneza kuti mwana ndamutaya ndine, wapita wosabatizidwa, kumene wafikira n'kokayikitsa. Mawu amenewo anandidya zaka. Mpaka lero pepani sindinamumve, kaya kwa apongozi, kaya kwa mayi uja.

N'chifukwa chake ndinayamba kufufuza ndekha, ndipo chimene ndinapeza n'chakuti palibe vesi lolamula kubatiza makanda, palibenso loletsa. Inu okana mumagwira Marko 16:16 ndi Machitidwe 2:38, kuti chikhulupiriro ndi kulapa zitsogole, komanso mdindo wa ku Itiyopiya uja amene anadzipemphera yekha ubatizo. Zimenezo zilimodi. Nanga bwanji mumadumpha Machitidwe 2:39, pamene Petro akuti lonjezolo ndi lanu ndi la ana anu? Pa Machitidwe 16 Lidiya anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba mwake, woyang'anira ndende ku Filipi anabatizidwa usiku womwewo iye ndi apabanja pake, ndipo pa 1 Akorinto 1:16 Paulo akuti anabatiza banja la Stefana. Msinkhu wa anthu amenewo sunalembedwe. Amene akuti munali makanda akuganiza, amene akuti munalibe akuganizanso. Obatiza ana amatengeranso pa mdulidwe, umene pa Genesis 17:12 unkachitika mwana ali ndi masiku 8, asanadziwe kanthu, ndipo Akolose 2:11-12 amaika mdulidwe ndi ubatizo pamodzi.

Mkangano umenewu sunayambire pa Facebook. Cha m'ma 200 Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage kumpoto kwa Africa, ankalangiza kuti ana adikire kaye, kusonyeza kuti nthawi imeneyo anali akubatizidwa kale. Patapita zaka pafupifupi 50, bishopu Cyprian ndi mabishopu anzake kumeneko anagamula kuti pobatiza khanda palibe chodikirira tsiku la 8. Ndipo ife obatiza ana tisadziyese oyera: ku Zurich, m'dziko la Switzerland, mu 1527 Felix Manz anaphedwa pomizidwa mumtsinje wa Limmat ndi akuluakulu a mzinda, Akhristu anzake, chifukwa chobatizanso anthu aakulu. Ngati Akatolika, Anglican ndi CCAP ali mbali ino, Baptist, Adventist ndi Assemblies of God ali mbali inayo, onse akuwerenga buku limodzi, ndani anapatsa apongozi anga mphamvu yotseka nkhaniyi pa bedi la mwana wodwala?

Chimene chinandikhazika mtima pansi si ubatizo ayi. Wachifwamba uja pamtanda, Luka 23:43, analonjezedwa Paradaiso popanda dontho la madzi. Davide mwana wake wakhanda atamwalira, pa 2 Samueli 12:23, anati iye ndi amene adzapite kumene kuli mwanayo. Pa Marko 10:14 Yesu anakwiyira ophunzira ake chifukwa choletsa ana kubwera kwa iye. Ngakhale ku Vatican mu 2007 kunatuluka chikalata chonena kuti pali chiyembekezo cholimba cha chipulumutso kwa ana omwalira osabatizidwa. Mwana wanga ali kwa Mulungu, kapu ija sikanawonjezera kanthu pamenepo. Koma chinali chinthu chokhacho chimene ndikanamuchitira ndi manja anga usiku umenewo, ndipo anandilanda.

Ndiye achemwali, inu musachite zobisa. Aitaneni bambo a mwana panja pa wodi, awiriwiri, popanda apongozi, popanda foni ya abusa, muwauze kuti mtima wanu sudzapuma mukapanda kuchita zimenezi. Mwana akachira muitane ankhoswe a mbali zonse, nkhani ya mpingo wa ana ithe pamaso pawo, chifukwa ikubweranso pa mwana wachiwiri. Banja lisathe chifukwa cha madzi. Koma mukaona kuti zafika pothina usiku uno, musadikire chilolezo cha munthu, tengani madzi mumubatize, zokangana adzakangana mawa. Komanso musaiwale zachipatala chifukwa cha mkanganowu: funsani anamwino za magazi, uzani achibale akhale pafupi kuti akafunika kupereka apereke, ndipo musalole munthu akutulutsireni mwana m'wodi ati kukamupempherera kuphiri. Ngati muli pano pa boma ndilembereni ku inbox, mawa m'mawa ndibwera ndi phala ndikhale naye kuti inu mugoneko.